KAFADALA NDI KASHEMBE

Mwa zolengedwa zazing'ono zokhala m'nkhalango za dziko lino ziripo ziwiri zimene mwana ali yense wa kumudzi azidziwa maina, ndizo kafadala ndi kashembe. Kafadala ndi cikumbu ca msana wolimba coyenda pansi, cosadziwa kuuluka. Kashembe ndi nchenche yoluma, imene msinkhu wace ungoposa pang'ono nchenche ya m'nyumba. Mlendo wosadziwa dziko, atamuikira tizirombo tiwiriti pa cikhatho ndi kumfunsa kuti koopsa ndi kati, kapena angaloze kafadala, pakuti maonekedwe ace ndi acilendo. Koma kafadala saluma munthu kapena ciweto, pamene kashembe wapha ng'ombe zosawerengeka, wasamutsa midzi, ndipo kwa zaka mazana ambiri ndiye walamula malo amene munthu angamangepo khola ndi malo amene sangamangepo. Phunziro lino lilinganiza tizirombo tiwiriti pa mapiko, pa kadyedwe ndi pa kubala, cifukwa munthu wodziwa zimenezi akhoza kuteteza banja lace ndi ziweto zace kwa kacirombo koopsako, osaononga nkhalango imene kosalakwako kakhalamo.

MAPIKO ANAI

Tizirombo tonse ta mtundu wa dzombe, njuci ndi gulugufe tiri ndi miyendo 6, ndipo matupi ace agawika patatu: mutu, cifuwa ndi mimba. Tambiri tiri ndi mapiko anai, awiri a kutsogolo ndi awiri a kumbuyo, monga aonekera bwino pa inswa zikamatuluka pa culu. Koma zikumbu ndi nchenche siziulukira mapiko onse anai. Awiri mwa iwo agwira nchito yina, mtundu uli wonse mwa njira yaceyace.

Pa cikumbu, mapiko a kutsogolo anauma nasanduka cikamba, ndiwo msana wolimba uja. Mapiko oulukira ndi a kumbuyo, opyapyala ngati pepala, ndipo akhala opindika pansi pa cikambaco. Woyang'anitsitsa cikumbu cobwera ku nyali usiku aona kuti pofuna kunyamuka msana wace utseguka pakati, mbali ziwirizo zitukuka, ndipo mapiko opyapyala aja atambasuka. Mitundu ya zikumbu imene anthu ophunzira anailemba maina ifika pafupi 400,000, ndipo yambiri iuluka motero. Koma pa kafadala mbali ziwirizo zinagwirana. Mzere wa pakati uoneka, koma sutseguka, ndipo kunsi kwace mapiko oulukira anafota, mwinanso kulibe konse.

Pa nchenche zinthu ziri mosiyana. Mapiko a kutsogolo ndiwo oulukira, ndipo a kumbuyo anacepa nasanduka timitengo tiwiri ta mitu yobulungira ngati tizibonga, tobisika m'mbali mwa cifuwa. Pouluka timitengoto tinjenjemera pamodzi ndi mapiko, ndi kudziwitsa nchenche kupendekeka kuli konse kwa thupi lace. Ndico cifukwa cace nchenche itembenuka m'mwamba msangamsanga, ndipo dzanja lofuna kuiphwanya lingomenya pacabe. Cotero mapiko osaulukira a kafadala ndiwo cishango cace, ndipo mapiko osaulukira a kashembe ndiwo ciongolero cace.

MOYO WA WOYENDA PANSI

Dzina la kafadala anthu amachula nalo zikumbu za cikamba colimba zimene zikakhudzidwa zifunya miyendo, zigwa cagada, ndi kukhala duu monga zakufa. Wodziwika kwambiri ndi uja wa mlomo wokhuthala woloza pansi ndi msana wa zitundazitunda, wakuda kapena wotuwa ngati dothi. Ena a mtundu wace ali ndi maanga ofiira, ndipo akuluakulu afika mamilimita 40 m'litali. Iye adya masamba a maluwa a m'thengo aja okhala ndi tsinde longa anyezi pansi pa nthaka. Wamkazi aikira mazira pafupi ndi tsindelo, mphutsi zidya m'kati mwace, ndipo zikakhwima zilowa m'dothi, mmene zisandukiramo zikumbu. Aonekera kwambiri mvula zoyamba zikagwa, pamene maluwawo aphuka.

Kafadala ali ndi anansi ena osauluka. Wina ndi cikumbu cobulungira ca miyendo yaitali, cimene cidya masamba akufa ndi zobvunda za pansi. Cacimuna pofuna cacikazi cimenyetsa mimba yace pa nthaka kangapo, go go go, ndipo cacikazi ciyankha momwemo, mpaka zipezana. Winanso ndi cikumbu cacikulu cakuda ca maanga oyera kapena acikasu, cothamanga kwambiri, cimene cisaka tizirombo tinzace. Ici ana asaseweretse, pakuti cikaopsedwa cithira madzi owawa ocokera kumbuyo kwace, ndipo akalowa m'maso apweteka koopsa. Wothiridwa asambe m'maso ndi madzi ambiri oyera.

Kusowa mapiko kuli ndi phindu lace. Tizirombo sitipuma ndi mphuno koma ndi timabowo ta m'mbali mwa thupi, ndipo pa timabowoto ndi pamene madzi a m'thupi athawira nyengo yotentha. Pa zikumbu za cikamba cogwirana, timabowo ta pa mimba titsegukira m'kacipinda kotsekeka ka pansi pa cikambaco, mmene mpweya ukhala wonyowa. Motero zipirira kutentha kumene kukadaumitsa tizirombo tofewa. Ndiponso minofu youlutsa mapiko ifuna cakudya cambiri, ndipo kacirombo kopanda minofuyo kakhoza kukhala ndi moyo pa zakudya zocepa.

Nakonso kudzifetsa kuja si kupusa ai. Adani ambiri a tizirombo, monga acule, abuluzi ndi mbalame zina, azindikira cakudya cikamayenda. Kanthu kakangokhala cete pakati pa timiyala ndi zibuluma, maso ao akaphonya. Ngakhale mbalame itamtola kafadala, ipeza cinthu colimba ndi cosagwedezeka, ndipo kawirikawiri imtaya. Mdani akapita, iye atambasula mwendo umodzi, kenaka wina, nadzitembenuza, napitiriza ulendo wace. Mwana wofuna kuona zimenezi ayenera kukhala cete nthawi ndithu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma wosauluka ali ndi tsoka lace. Kumene anabadwira ndi komwe adzafera, pakuti mtsinje sauoloka, ndipo munda waukulu wolimidwa uli kwa iye ngati cipululu. Moto ukabwera, mbalame ndi ziwala zithawa, koma iye alibe kothawira kwina koma m'dothi. Nkhalango ya mombo ndi misuku ikatha ndi nkhwangwa ya woocha makala, zikumbu zouluka zikhoza kubwerako mitengo ikaphukanso, koma zosauluka zicedwa zaka zambiri, mwinanso sizibweranso. Akulu a za nkhalango anayesa zimenezi za moto ku Ndola kuyambira m'zaka za 1930. Anapeza kuti moto wa m'malimwe, udzu utauma gwa, ukabwerezedwa caka ndi caka upha mitengo yambiri ya mombo, pamene moto wofulumira wa m'masika uisiya iri moyo. Moto waukali womwewo unyeketsa masamba ogwa, amene ali cofunda ndi cakudya ca zikumbu za pansi, ndiponso ndiwo asanduka conde ca nthaka.

MOYO WA WOULUKA

Kashembe azindikirika ndi zinthu zitatu. Akatera, mapiko ace asanjikizana pamsana ngati sizasi yotseka, napitirira mimba, pamene a nchenche ya m'nyumba akhala otakasuka. Mlomo wace ndi wautali ngati singano, woloza kutsogolo. Ndipo pakati pa phiko liri lonse mitsempha ipanga cithunzi ca kankhwangwa, cimene munthu wa maso akuthwa aciona akaloza phikolo ku dzuwa. Mitundu ya akashembe iri pafupi 30, kwao ndi ku Africa kuno kumwera kwa cipululu ca Sahara, ndipo apezeka m'maiko oposa 30. Ina ikonda m'mphepete mwa mitsinje ndi nyanja, ina m'nkhalango zowirira za mvula yambiri. Wofala m'cigwa ca Luangwa, m'mitsanya ndi m'mombo, ophunzira amucha Glossina morsitans.

Pa udzudzu ndi pa zimphanga woluma ndi wamkazi yekha, wamwamuna akhalira madzi a maluwa. Pa kashembe onse awiri aluma, ndipo moyo wao wonse ndi mwazi. Amwa kamodzi pa masiku 2 kufikira 4, ndipo pa kumwa kumodzi mimba itupa mpaka kulemera kwa mwaziwo kulingana ndi kwa thupi lace, mwinanso kuposa. Nyama zimene aziluma kwambiri ndizo njiri, nguluwe, mbawala, ngoma ndi njati. Ng'ombe ikapezeka aikondanso, ndipo munthu amluma zina zikasowa. Nyama aipeza ndi fungo la mpweya wace ndi la mkodzo wace, nalitsata mobwerera kumene mphepo icokera. Akayandikira agwiritsa maso: akopeka ndi cinthu cacikulu coyenda, ndi mtundu wabuluu, ndipo akonda kutera pa cakuda. Ndiye cifukwa cace atsata galimoto, njinga ndi msana wa munthu wa pa ulendo, natengedwa motero kufika kumene mapiko ace sakadamfikitsa.

Ngakhale ali ndi liwiro, kashembe sauluka tsiku lonse. Dzuwa likakula abisala pa mthunzi, kunsi kwa nthambi, m'mphako ndi m'mauna a nyama, pakuti kutentha kwambiri kumupha. Aluma makamaka m'mawa ndi dzuwa litapendeka. Popanda mthunzi sakhala, ndipo m'mapiri ozizira saculuka.

MWANA MMODZI PA NTHAWI

Kubala kwa kashembe ndi kodabwitsa kuposa zina zonse za iye. Nchenche ya m'nyumba iikira mazira 100 kapena kuposa pa nthawi imodzi, niwasiya pa ndowe. Kashembe saikira mazira. Wamkazi akomana ndi wamwamuna kawirikawiri kamodzi kokha, nasunga mbeu yace moyo wace wonse. Dzira limodzi liswera m'mimba mwa mai wace, ndipo mphutsiyo ikulira momwemo, ikuyamwa madzi oyera onga mkaka ocokera m'thupi la maiyo. Ikakhwima, kulemera kwace kufanana ndi kwa mai wace. Pamenepo iye afuna dothi lofewa la pa mthunzi, kunsi kwa cipika cogwa kapena pakhomo pa una, nabala mphutsi imodziyo. Mphutsi siidya kanthu kunja. Ilowa m'dothi msanga, khungu lace liuma nilisanduka cikwa cakuda, ndipo pakapita mwezi umodzi, kapena kuposerapo nyengo yozizira, mutuluka kashembe wamkulu.

Mai abala motero kamodzi pa masiku 9 kapena 10. Popeza moyo wace ndi wa miyezi yowerengeka, ana ace onse saposa 10 kawirikawiri, ndipo ambiri afa asanafike pamenepo. Apa ndi pamene pali kufooka kwace. Udzudzu ukaphedwa wambiri, wotsala ubweza ciwerengero m'masabata ocepa. Koma ophunzira anawerengera kuti akashembe aakazi 4 mwa 100 ali onse akamaphedwa tsiku ndi tsiku, kuonjezera pa akufa okha, mtunduwo ucepa mpaka kutha m'deralo. Kafadala acedwa pa kuyenda, kashembe acedwa pa kubala, ndipo ali yense agonja pa kucedwa kwaceko.

COBISIKA M'MALOBVU

Kuluma kwa kashembe kuwawa, koma pa kokha sikupha. Cakupha ndi tizirombo ta nthenda tochedwa trypanosoma, tosaoneka ndi maso, timene tisambira m'mwazi ngati tinsomba. Kashembe sabadwa nato. Atitenga poluma nyama kapena munthu amene ali nato, tikhwima m'thupi mwace pafupi masabata 3, tifika m'malobvu, ndipo kuyambira pamenepo atipereka kwa ali yense amluma kufikira imfa yace. Nyama za m'thengo zikhala nato osadwala kwenikweni, koma ng'ombe, akavalo, agalu ndi anthu adwala. Nthenda ya ziweto ichedwa nagana, ndipo ya anthu ndiyo kaodzera. Si kashembe ali yense ali ndi tizirombo todwalitsa munthu. Otero ndi ocepa ndithu, koma ndi maso palibe angawasiyanitse ndi anzao.

Zimenezi zinadziwika pang'onopang'ono. David Livingstone, m'buku la maulendo ace la 1857, anafotokoza kuti anataya ng'ombe 43 pa ulendo umodzi cifukwa ca nchenche imeneyi, ndipo iye anayesa kuti iri ndi ululu. Mu 1894 dokotala wina, David Bruce, anatumidwa ku Zululand pamodzi ndi mkazi wace Mary kukafufuza nagana. Azulu ankati ng'ombe zidwala zikadya msipu pamene padutsa nyama za m'thengo, ndipo alenje ankati cocititsa ndi nchenche. Bruce anaona tizirombo tija m'mwazi wa ng'ombe zodwala. Tsono anatsika ndi akavalo abwino kucokera pa phiri kupita ku cigwa ca akashembe, osawalola kudya udzu kapena kumwa madzi a kumeneko, nabwerera nao tsiku lomwelo, ndipo akavalowo anadwala. Anapezanso tizirombo tomweto m'mwazi wa nyama za m'thengo. Motero zinaoneka kuti Azulu ndi alenje onse anagwira mbali ya coonadi: nkhokwe ya nthenda ndi nyama, wonyamula ndi kashembe.

M'zaka zomwezo za 1890 mliri wochedwa rinderpest unapha ng'ombe, njati ndi nyama zina zambiri kuyambira ku Ethiopia kufikira ku South Africa. Akashembe, posowa mwazi, anazimirira m'madera ambiri, koma nyama zitaculukanso anabwerera, nalowa ngakhale m'malo amene kale munali makola. Ku Uganda, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, kaodzera anapha anthu oposa 200,000 pakati pa 1900 ndi 1920, ndipo komweko mu 1903 kunadziwika kuti nayenso afalitsidwa ndi kashembe. Dziko lino liri ndi mbali yace m'mbiri imeneyi. Mu 1910 ophunzira awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anaona mtundu wina waukali wa tiziromboti m'mwazi wa munthu amene anadwalira ku cigwa ca Luangwa, naucha rhodesiense potsata dzina la dziko pa nthawiyo. Mu 1911 ndi 1912 Kinghorn ndi Yorke, pogwira nchito m'cigwa comweco, anatsimikiza kuti wonyamula mtundu umenewu ndi kashembe wa m'mitsanya uja, ndi kuti nyama za m'thengo ndizo ziusunga.

KAODZERA NDI NAGANA

Kaodzera wa ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa adwalitsa munthu pang'onopang'ono, zaka ziwiri kapena zitatu. Wa kuno, wa ku Malawi ndi wa ku Tanzania ndi wofulumira: wosalandira mankhwala afa m'masabata kapena m'miyezi yowerengeka. Poyamba, pamalo polumidwa pakhoza kutuluka cotupa cofiira cowawa, patapita masiku angapo. Kenaka thupi litentha, mutu uwawa kwambiri, mfundo ziphwanya, ndipo mwina mwanabere atupa. Tizirombo tikafika ku ubongo, wodwala agona usana nakhala maso usiku, alankhula zosamveka, ayenda mwa dzandidzandi, khalidwe lace lisintha, ndipo potsiriza agona tulo tosadzuka. Kafadala afa dala nadzukanso, koma tulo ta kaodzera si ta dala.

Ngozi yaikulu iri pa ciyambi, pakuti zizindikiro zoyamba zifanana ndi za malungo. Wodwala amwa mankhwala a malungo kawiri katatu osacira, ndipo akayamba kusokonezeka nzeru abale aganiza za ufiti, nataya masiku a mtengo wapatali pofunafuna wolodza. Cifukwa cace munthu amene wakhala kapena wayenda m'malo a akashembe, monga m'madera a Chama, Mambwe, Mpika ndi Rufunsa, kapena pafupi ndi nkhalango zosungiramo nyama, akatentha thupi osacira ndi mankhwala a malungo, apite naye msanga ku cipatala. Akafika anene poyera kumene anayenda ndi kuti analumidwa, napemphe kuti mwazi wace uyang'anidwe pa makina okuza tinthu tating'ono. Alenje, asodzi, ofula njuci ndi osamalira nyama za m'thengo akumbukire ici koposa onse.

Nthendayi icizika. Kale wodwala wa ku ubongo ankalasidwa mankhwala ochedwa melarsoprol, amene anayamba kugwira nchito mu 1949. Anapulumutsa ambiri, koma anali aukali, napha pafupi odwala 5 mwa 100 olandira. Mankhwala akumwa ochedwa fexinidazole, a masiku 10, anayesedwa pa kaodzera wofulumirayu ku Rumphi m'Malawi ndi ku Uganda, ndipo mu 2024 bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linawabvomereza kuti akhale oyamba kuperekedwa kwa odwala ambiri. Mu 1998 odwala kaodzera olembedwa m'Africa monse anali pafupi 40,000. Mu 2018 anatsika kufika pansi pa 1,000. Koma kucepa kwa nthenda kubala kuiwala, ndipo nthenda yoiwalika ndiyo icedwa kuzindikirika.

Ng'ombe ya nagana ionda ngakhale msipu ulipo, ubweya uyimirira, m'maso mutuluka misozi, m'kati mwa zikope muyera cifukwa ca kucepa kwa mwazi. Yaikazi itaya bere ndi kuuma mkaka, yamphongo igona m'goli munda usanathe. Mankhwala alipo, monga Berenil wociza ndi Samorin woteteza, koma aperekedwe pa muyeso wolingana ndi kulemera kwa ng'ombe, monga alangiza a za ziweto. Mlimi wogawira ng'ombe zitatu mankhwala a ng'ombe imodzi ayesa kuti wasunga ndalama, pamene waphunzitsa tizirombo kupirira mankhwalawo.

NKHONDO YA KALE NDI YA NZERU

Maboma a kale analimbana ndi kashembe pomlanda cakudya ndi mthunzi. Anaombera nyama za m'thengo zikwi zambiri, anagwetsa mitengo m'mizere yaitali, anasamutsa midzi, naika zipata pa misewu pamene magalimoto ndi njinga zinkapoperedwa mankhwala. M'zaka za 1950 ndi 1960 anayamba kupopera DDT ndi dieldrin pa makungwa a mitengo. Njira zimenezi zinacepetsa akashembe m'malo ena, koma mtengo wace unali waukulu, ndipo olipira ambiri anali osalakwa: nyama, mbalame, njuci, ndi zikumbu za pansi zimene sizikadatha kuthawa. Kunali ngati kuocha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Njira yabwino inabadwa pa kuyang'anitsitsa makhalidwe a kashembe. M'zaka za 1970 ndi 1980 ofufuza a ku Zimbabwe, m'cigwa ca Zambezi, anapeza zinthu za m'fungo la ng'ombe zimene zimkopa, naziika m'timabotolo. Tsono anaimika m'thengo nsalu zabuluu ndi zakuda zonyikidwa m'mankhwala, botolo la fungo liri pambali. Kashembe ayesa ng'ombe, atera pa nsalu, nafa. Nsalu 4 zokha pa dera la kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi zikwanira kupha ocepa aja ofunika tsiku ndi tsiku, ndipo mitengo, nyama ndi kafadala zitsala pa mtendere. Ng'ombe yothiridwa dibi igwira nchito yomweyo iri kuyenda, makamaka mankhwala akafika ku miyendo ndi ku mimba, kumene akashembe akonda kuluma, ndiponso pa ng'ombe zazikulu, zimene azitsata kuposa ana a ng'ombe. Pa cisumbu ca Unguja ku Zanzibar anagwiritsa nchito kukwatiwa kamodzi kuja: anamwaza akashembe aamuna osabala mamiliyoni angapo, aakazi a m'thengo analeka kubala, ndipo mu 1997 cisumbuco cinalengezedwa kuti ciribenso kashembe.

Nsalu zimenezi ziri ndi mdani mmodzi woposa dzuwa ndi njobvu, ndiye munthu. M'malo ambiri zinabedwa kukasoka zobvala, ndipo zitsulo zace zinasulidwa. Wocotsa nsalu imodzi atsegula khomo limene mudzi wonse unatseka, ndipo ng'ombe yoyamba kudwala ikhoza kukhala ya mbale wace. Mafumu ndi akulu a midzi acita bwino kulangiza anyamata ndi abusa a ng'ombe za nchito ya nsaluzi, ndi kupalira udzu pozungulira kuti zioneke patali ndi kuti moto usazinyeketse.

ZOYENERA KUSUNGA

Wopita ku malo a akashembe abvale zobvala zokhuthala za manja aatali, za mtundu wotuwa ngati khaki, apewe zabuluu ndi zakuda, pakuti mlomo wa kashembe upyola nsalu yopyapyala. Potuluka m'nkhalango ayang'ane pa msana pa mnzace, pa katundu ndi pa njinga, kuti asatengere mdani kumudzi. Mai wobereka mwana ayang'anire mutu ndi khosi la mwanayo. Abusa asamwetse ng'ombe m'zitsamba zowirira m'mawa ndi madzulo ngati pali pena poyera. Ndipo wofuna kuocha chire aoche m'masika, udzu usanaumitsitse.

Kafadala akapezeka pa njira, palibe cifukwa ca kumuphwanyira. Kupezeka kwace kusonyeza kuti nthaka ya pamenepo sinaonongeke, pakuti iye sanacokere kutali. Kashembe akapezeka pafupi ndi khola, nkhani ifike msanga kwa a za ziweto, pakuti iye wacokera kwina, ndipo cimene wanyamula sicioneka. Makolo anawacha maina molondola poona macitidwe ao, ndipo ofufuza anagonjetsa nchenche pamene anadekha ndi kuphunzira macitidwe omwewo, kufikira anapeza kuti nsalu ndi botolo zicita cimene nkhwangwa ndi mfuti zinalephera.

MAFUNSO

1. Kodi mapiko osaulukira agwira nchito yanji pa kafadala, nanga pa kashembe?
2. Cifukwa ninji zikumbu zosauluka zicedwa kubwerera m'nkhalango yodulidwa?
3. Kashembe azindikirika ndi zinthu ziti zitatu?
4. Kubala kwa kashembe kusiyana bwanji ndi kwa nchenche ya m'nyumba, ndipo kusiyanako kuthandiza bwanji polimbana naye?
5. Munthu wocokera ku cigwa akatentha thupi osacira ndi mankhwala a malungo, abale ace acite ciani?